Kabotolo ka Bambo Anga Kaleka Kugwira Ntchito

Aphungu,

Pepani ngati mupeza zolakwika m'kalatayi. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale, ndipo ndayikopera kawiri kuti iwerengeke.

Bambo anga anamwalira chaka chatha. Anatisiyira galimoto yakale yonyamulira katundu, yobiriwira, ya chitseko chotsegulira kunja kokha. Loweruka loyamba la mwezi uliwonse ankaiimika kuseri kwa nyumba m'mawa. Ankazungulira matayala onse ndi pampu, kukutumula sefa ya mpweya, kupukuta mapulagi ndi kansanza, kenako kutsitsa zitsulo ndi zonse zotsalira kumbuyo. Ine ndinkakhala pachidebe kudikira ntchito yanga. Pomaliza ankandipatsa kabotolo ka mankhwala osakaniza ndi petulo, ine n'kuthira m'thanki mosamala kuopa kutaya. Ponena galimotoyo ankati, "Wawamwetsa tiyi agogo akowa, mwezi uno sadya zambiri." Mpaka lero ndikamva fungo la kabotoloko ndimaona malaya awo amafuta aja.

Panopa galimotoyi akuyendetsa ndi achimwene anga. Akuti ikumwa petulo ngati thanki inabooka, ndipo mwezi uno ukatha aigulitsa. Ine sindinasiye kuthira mankhwala aja. Mwezi uno ndathira timabotolo tiwiri, koma palibe chasintha. Nditawauza achimwene anangoseka, amvekere, "Bambo ankapusitsidwa ndi ogulitsa, iwenso walowa m'malo." Ndinakalirira kuchipinda.

Aphungu, kodi mankhwalawa amathandizadi kuti petulo asathe msanga? Kodi bambo anga ankapusitsidwa? Sindikufuna kuti galimotoyi ichoke pakhomo.

Ine wanu,
E.T.

Mwana wanga,

Kalata yako yamveka bwino, usapepese.

Ndikuuza mosabisa: kabotolo sikasunga petulo monga amalonjezera ogulitsa. Mankhwala ena amatsukako litsiro m'njira zodutsa mafuta, ndipo injini yomwe inatsekeka imatha kupezako bwino. Kupitirira apo usayembekezere zodabwitsa, ngakhale utathira timabotolo khumi.

Koma bambo ako sanali opusa. Werenganso zomwe walemba wekha. Matayala, sefa, mapulagi, katundu wosafunika: zimenezo ndizo zinkasunga petulo. Matayala akachepa mpweya galimoto imalemera kukoka. Mapulagi akatopa, mafuta ena amatuluka osapsa. Iwe unaona ntchito yonse uli pachidebe, koma unasunga gawo lako lokha. Ndikuganiza kuti kabotoloko bambo ako ankakakonda chifukwa ndi kamene mwana wawo akanatha kugwira.

Tsono uchite izi. Uwapemphe achimwene ako mwaulemu kuti adikire mwezi umodzi. Ngati pakamwa pakulemera, uwapatse nyuzipepalayi awerenge okha. Mupope matayala, mutsitse zonse zakumbuyo, ndipo makaniko wodalirika aone sefa, mapulagi, oyilo komanso ngati mafuta sakudontha penapake. Kenako mudzaze thanki, mulembe makilomita, mudzaone mtunda umene mwayenda mukamadzadzazanso. Udzakwerenso nawo tsiku lina uone kayendetsedwe kawo. Ndikukayika ngati bambo ako ankanyamuka mothamanga kapena kusiya injini ikulira iwo akucheza.

Chenjezo langa ndi ili: usathirenso mopitirira muyezo wolembedwa pabotolo, ndipo za m'mabotolo opanda chizindikiro kapena parafini zisayandikire thankiyo, zingaphe injini. Mukakonza zonsezi galimoto n'kumamwabe, ndiye kuti injini yakalamba, ndipo achimwene ako usawadane nawo akaigulitsa.

Koma musanafike kumeneko, Loweruka likubwerali udzuke m'mawa, ufunefune pampu ya bambo ako. Chidebe chija uwapatse achimwene ako akhalepo, aone.

Aphungu