Msewu Umene Anasankha Alamu Anu

Kafue,
14 Ogasiti 1958

Okondedwa achimwene a Wenceslaus,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, wa alamu anga a Elina, ndi wa ana onse kumeneko ku Bembeke. Kodi chifuwa chija munkadandaula pa Pasaka chinakusiyani? Nanga kachewere wachita bwanji chaka chino?

Ife kuno tilipo, kudzuka tikudzuka. Mphepo ya mwezi uno ikutithira fumbi m'maso ndi m'ndiwo momwe, ndipo miyendo yanga ikutupa monga kale. Koma si miyendo imene yandigwiritsa pensulo lero. Ndatopa, achimwene. Ndatopa ndi nkhani ya njinga, ndipo musaseke.

Mukudziwa kuti alamu anu a Bartholomew amakonza njinga pansi pa mkuyu pafupi ndi msika. Ana onse awiri anakulira pa masipoko ndi girisi. Overtone, wamkulu uja munamuona ali kumsana tsiku limene tinkachoka kumudzi, tsopano ndi chimwamuna cha ntchafu ngati mitondo, mesenjala ku siteshoni ya njanji. Lemmy, wobadwira kuno, amene inu simunamuonepo, ndi wowonda ngati ine. Amagula nsomba zouma kumtsinje n'kukagulitsa ku Chilanga, kukwera zitunda ndi mtanga kumbuyo.

Chaka chilichonse a ku welifeya amachititsa mpikisano wa njinga, ndipo wopambana ndiye amakaimira Kafue ku Lusaka. Chaka chatha anadutsa msewu wa m'mbali mwa njanji mpaka kumlatho ndi kubwerera, wathyathyathya ngati mphasa. Anapambana Overtone. Lemmy anathera m'chigulu cha pakati, osamuona n'komwe. Anyamata a ku Shimabala, kumene kuli zitunda, anadandaula kuti msewu unasankhidwa mokondera.

Ndiye chaka chino akomiti anati asankhe msewu ndi a Bartholomew, poti amadziwa njinga iliyonse ya m'tauni muno pamodzi ndi mwini wake, ndiponso sanakanganepo ndi munthu. Anaiwala kuti munthuyo ali ndi ana awiri.

Kuchokera tsiku limenelo mtendere sunagonenso m'nyumba muno. Overtone ankati mpikisano ndi liwiro, anthu amabwera kudzaona njinga zikuthithikana pomalizira, wina n'kufwamphuka ngati mwala wa legeni. Ankafunsa m'chinyanja chawo cha kuno kuti, "Nanga ku phiri azatamba ni ndani, ba nyani?" Kutamba kwa kuno ndi kuonerera, achimwene, osati kwa afiti.

Lemmy ankayankha kuti pathyathyathya pamapambana wochenjera, osati wamphamvu. Ankati munthu amabisala kumsana kwa anzake ulendo wonse kuti mphepo isamukhudze, n'kudzalumpha pothera ngati mbava. Chitunda chokha ndicho sichinama, ankatero, chifukwa kumeneko kulibe msana wobisalako.

Bambo mfumu atamva anangoseka. Anati ngakhale kwawo ku Ulaya, pa mpikisano wa dziko lonse, amakangana zomwezi: ena amafuna chigwa, ena mapiri, ena zonse pang'onopang'ono, ndipo amene wasankha msewu amakhala wasankhiratu wopambana. Iwo anaseka, ine sindinaseke. Ku Ulayako wosankha msewu sadyera mbale imodzi ndi opikisanawo.

Mukanandifunsa ine, njinga ndi yopitira kuchigayo. Koma palibe anandifunsa.

Anawo anasiya kudyera limodzi. Ndinayamba kupakula nshima m'mbale ziwiri ngati ndalandira alendo osamwerana madzi. Lemmy anafika pomachotsa tcheni cha njinga yake n'kugona nacho pansi pa mtsamiro, kuopa mkulu wake wa bere limodzi. Nsalu zonse kuda bii, ndipo wochapa ndine.

Alamu anu anati sangatumize ana a eni pamsewu umene iwo sanaupondepo. Lamlungu lililonse tikaweruka ku Misa ankatenga chinjinga chawo chakale kukayesa misewu, ndi imvi zawozo. Ankabwera milomo itauma, atakankha njinga pa zitunda zonse, ine n'kumawathowa miyendo ndi madzi otentha. Ndikawauza kuti auze akomiti asankhe wina, ankati anthu awakhulupirira, sangawabwezere katundu panjira.

Pomaliza anatiitana tonse pakhonde n'kujambula msewu pansi ndi sipoko. Kuyambira pa siteshoni, pathyathyathya. Kenako kukwera zitunda za ku Shimabala, kutembenuka, kutsika, n'kudzathera pathyathyathya pomwe paja. Nkhope yawo inali yowala. Ankaganiza kuti awagawira bwino, monga ankawadulira nzimbe pakati ali ana, uyu mfundo zake, uyu zake. Ine mumtima ndinati mapanga awiri avumbwitsa, koma sindinafune kuwazimitsira chimwemwe.

Overtone anati chitundacho chidzamutha miyendo asanafike pamene iye amalimba. Lemmy anati zonse zimene adzakolole pokwera adzazibweza pobwerera. Aliyense anadzuka pakhondepo akukhulupirira kuti bambo ake akondera mnzake.

Mpikisano unachitika Loweruka lapitali. Ndinapita, ndinaima pomalizira pafupi ndi alamu anu, amene anagwira mbendera. Za kuchitunda tinazimva kwa amene ankatsatira pa lole. Akuti Overtone anatsika n'kuyamba kukankha, iye amene sanakankhepo njinga pamaso pa anthu. Lemmy anafika pamwamba yekhayekha, kumbuyo kulibe munthu.

Koma pobwerera, pathyathyathya paja, mphepo inamupeza ali yekha, wowonda, wopanda msana wobisalako. Tinamuona ndi maso athu akubwera, mutu uli pa handulo, ndipo kumbuyo kwake kukuyandikira mnyamata wa ku Shimabala, dzina lake Maybin, wolima kabichi. Maybinyo sathamanga ngati Overtone, sakwera ngati Lemmy, koma zonse ziwiri amazitha ndithu. Anamudutsa mwana wanga pa chipata cha msika, mbendera ikuoneka.

Sindikumuda Maybin. Ndi mwana waulemu, atatsika anabwera kudzagwada pamaso pa alamu anu.

Achimwene, apa ndi pamene dzanja langa likulemera. Lemmy atafika ananyamula njinga n'kuimenyetsa pansi, wilo lakutsogolo n'kupindika. Bambo ake anamuyandikira kuti amugwire paphewa. Iye anakankha dzanjalo, n'kunena mokweza pamaso pa akomiti, pa bambo mfumu ndi msika wonse kuti, "Imwe musanigwire. Ndimwe tambala chabe. Mwine wathu ali ku Nyasalande, ndiye angatiweruze."

Overtone anali atafika, ali chiimire pambali. Ndinamuyang'ana kuti amudzudzule mng'ono wake. Anayang'ana pansi n'kugwedeza mutu movomereza. Miyezi yonseyi, chokhachi ndicho anagwirizana.

Mawuwo ndi akwathu, ndikudziwa. Ifenso tinakula tikumva kuti bambo ndi tambala, amangolira pabwalo la eni, ana ndi a malume. Inu ndinu mwini mbumba, sindikukulandani. Koma tiyeni tinene zoona. Pamene Lemmy anadwala chikuku, amene anamubereka kumsana mpaka kuchipatala si inu. Amene ankawagwirira chishalo akuphunzira kupalasa, kuthamanga pambuyo pawo mpaka kugwera m'ngalande, si inu. Inu mutakumana naye Lemmy pamsewu mukhoza kumufunsa njira n'kudutsa. Sindikukunyozani, mtunda ndi wautali. Ndikungonena.

Alamu anu anapinda mbendera bwinobwino, anaipereka kwa a Jethro a mu komiti, n'kubwera kunyumba wapansi, akukankha njinga ngakhale panjirapo palibe chitunda. Chiyambire tsikulo akungodya konyomola. Anawo akalowa m'nyumba, iwo amatuluka, ngati olakwa ndi iwo.

Tsopano Lemmy akuti mwezi ukatha akwera sitima kupita kumigodi ku Kitwe, ndipo akuti sangatsanzike kwa munthu amene si mwini wake. Ndikumudziwa mwana wanga. Akachoka ndi mawu amenewo m'kamwa, manyazi sadzamulola kubwerera, ndipo bambo ake adzalowa m'manda osamumvanso akuitana kuti "ba tata". Ichi ndicho chikundisowetsa tulo, osati za Lusaka zimene ataya.

Ndalankhula, ndalira, ndatuma akatekisiti. Onse awiri akuti adzamvera mawu a malume okha. Sakukudziwani, n'chifukwa chake akuganiza kuti mudzafika ndi chikwapu chokwapulira bambo awo.

Ndiye bwerani, achimwene, chonde, mwezi usanathe. Kwerani basi ya ku Fort Jameson, mukafika ku Lusaka mukwere sitima. Kalata sikwanira, adzati ndalemba ndine. Ndikudziwa kuti muli ndi munda ndi chifuwa chanucho, koma paja amati chibale ndi fupa, sichiola, ndipo ine zaka zonsezi sindinakuitaneni ngakhale pa maliro a mwana wanga wamkazi.

Koma mumve bwino chimene ndikupempha. Musabwere kudzaweruza za msewu, kuti wabwino ndi wa chigwa kapena wa phiri. Zimenezo zawakanika ndi a ku Ulaya omwe. Mubwere mudzakhale pamphasa, ana ali apa, alamu anu ali apo, mudzanene ndi pakamwa panu kuti inu ndinu malume wa dzina, koma amene anawalera ndi awa, ndipo wonyoza awa wanyoza inu. Mphamvu imene mwambo unakupatsani simunaigwiritsepo chibadwire anawa. Igwiritseni kamodzi kokha, poiika m'manja mwa mwini thukuta.

Dzulo m'mawa ndinapita kumsika. Podutsa pa mkuyu ndinapeza alamu anu atakhala pa chitsa, wilo lopindika lija lili pakati pa maondo. Ankamanga sipoko imodzi, n'kulizunguza, n'kuliyang'ana ndi diso limodzi, n'kumanganso ina. Njinga za eni zinali zitandandalikana, osazikhudza. Ndinapsa mtima. Ndinawafunsa kuti akuvutikiranji ndi njinga ya munthu amene anawatcha tambala pamaso pa tauni yonse.

Sanadzutse mutu. Anati mwanayo ngati akupita apite, koma asakafike ku Kitwe ndi wilo lokhota, anthu a kumeneko angaganize kuti alibe bambo.

Ndalekera pomwepa, maso akana. Mundiperekere moni kwa alamu a Elina, kwa azakhali a Anastazia ngati makutu akumvabe, ndi kwa onse otikumbuka ku Bembeke. Ambuye akulimbitseni chifuwa, akusungeni panjira, ndipo akufikitseni nthawi ikadalipo.

Mukatsika sitima musafunse nyumba, funsani wokonza njinga wa pa mkuyu, aliyense akulozerani. Iwo sakudziwa kuti ndalemba.

Ndine mlongo wanu wotopa,
Martina