Chitsulo cha Mphini cha Atate

Ndola,
20 Okutobala 1957.

Okondedwa Amayi,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu. Kodi mwendo uja unkakuvutani nthawi yozizira waleka kutupa? Nanga mlongo wanga Emelia ndi ana ali bwanji? Ine kuno ndili bwino, kungoti dzuwa likuotcha koopsa, ndipo nyenje zikamalira m'mitengo ya kuseri kwa komboni mtima umangothawira kwathu. Dzulo kunachita mitambo, kunabwera kamphepo ka fungo la mvula, ine ndinangoima pakhomo ngati wopepera, kuganiza kuti kumeneko mwina mwatsiriza kale kusosa.

Kalata ya Emelia ndinalandira. Ndamva kuti mng'ono wanga Bernard akufuna kupereka chitsulo cha mphini chija kwa mmisiri wa pa Sinda kuti achidule, akonzere pulawo mvula isanagwe. Bernard sindikumudzudzula, pulawo ndiyo imatidyetsa. Koma musanavomere, imvani zimene ndapeza kuno. Emelia, uwerenge pang'onopang'ono, ndipo amayi ayambe akhala pansi.

Mukukumbukira kuti chitsulocho palibe amene ankadziwa ntchito yake. Anafe ndife tinachitcha cha mphini chifukwa cha timizere take totukuka, topingasana ngati mphini za pamsana pa azakhali. Aphunzitsi ankati ndi chivundikiro cha makina a azungu. Mmwenye wa sitolo pa Katete anati n'chosindikizira zikopa. Inu munayesa kutonolerapo chimanga, chinangokupwetekani zala. Tsiku limene ine ndinachiika pakhomo kuti tizipukutirapo matope a kumapazi, atate anandikwapula, ndipo pa moyo wawo wonse anandimenya kamodzi komweko. Anachibwezera kutsindwi, ndipo chaka ndi chaka ankachidzoza mafuta a nsatsi osanena kanthu.

Mwezi wathawu anandichotsa pa ntchito yonyamula matabwa n'kundiika ku boyila. Boyila ndi chimphika chachikulu chachitsulo. Pansi pake timasonkha moto, madzi amawira, nthunzi yake ndiyo imayendetsa makina ochekera matabwa. Nditangolowa ndinayang'ana pansi, ndipo ndinaona kuti ndaponda mphini zathu zomwe zija. Patsogolo ponse pa ng'anjo anayalapo zitsulo zotero. Timizereto si tokongoletsa ayi. Pamalopo pamatayikira madzi ndi mafuta, ndiye anatiika kuti wosonkha moto asaterereke ali ndi fosholo m'manja n'kugwera pakamwa pa ng'anjo. Ndinaseka ndekha kuti zaka zonsezi chinali chopondapo basi, ndipo ine ndinakwapulidwa chifukwa chochigwiritsa ntchito yake yeniyeni.

Lamulungu titatuluka m'tchalitchi ndinapita kukafotokozera a Chrispin Mwanza, mkulu wa ku Vubwi amene anandipezera ntchito ino, aja anagwira ntchito ndi atate pa mgodi wina ku Halale ine ndili khanda. Ndinkayesa kuti aseka nane. Iwo anaika kapu ya tiyi pansi, nandifunsa ngati chitsulocho chili ndi ngodya imodzi yopindika ndi malo awiri osalala pakati. Ndinavomera. Kenaka anati sankadziwa kuti atate, a Isaki, anafika nacho mpaka kumudzi.

Amayi, nkhani yake ndi ya mlongo wanu, amalume a Zakeyo. Kumudzi tonse timadziwa kuti anamwalira ndi chibayo m'chipatala cha pamgodi. A Chrispin akuti sizinali choncho. Akuti atate ndiwo anali wosonkha moto pa boyila ya mgodiwo, amalume ankakankha ngolo za malasha panja. Sabata ina atate anadwala malungo, ndipo kapitawo anati akajomba tsiku lachitatu ntchito yatha. Amalume anauza atate kuti agone, iwo akaima m'malo mwawo, poti mlamu wawo anali ndi mkazi ndi khanda kumudzi pamene iwo anali asanakwatire. Tsiku lomwelo chakumasana paipi ya nthunzi inaphulika. Amalume anamwalira dzuwa lisanalowe.

Akuti zitsulo zapansi zimene zinapindika anazichotsa n'kuzitaya kudzala. Atate atachira anapita kukafunafuna chimene ankapondapo, ndipo anatha Malamulungu atatu akuchidula ndi sowo ya zitsulo, a Chrispin akuwagwirira. A Chrispin atawafunsa kuti katundu wolemera chotere ngwachiyani, atate anayankha kuti sangabwerere kwa mkazi wawo chimanjamanja. Mtembo sangathe kunyamula, koma pamene mlamu wawo anaima komaliza angathe. Malo awiri osalalawo ndi pamene pankaponda mapazi a osonkha moto, a atate omwe, ndipo potsiriza a amalume.

Chifukwa chimene sanakuuzireni, ine sindikuchidziwa. A Chrispin akuganiza kuti anachoka ku Halale atatsimikiza kuti anena, koma atakupezani mukulira mlongo wanu pakamwa panalemera kuvomera kuti imfayo inali yawo. Ine ndatha masabata awiri ndikulemba kalatayi n'kumang'amba. Ndinkaopa kutokosa bala limene linapola, ndinkaopanso kuti mungawade atate ali kumanda komwe sangathe kudziyankhira. Koma za pulawozi zandikakamiza. Ndikanakonda kukuuzani pakamwa titakhala pakhonde, ndikuona nkhope yanu, osati kudzera papepala limene silingakugwireni dzanja.

Pempho langa ndi limodzi. Chitsulocho asachidule. Amalume alibe manda kwathu, ndipo kumene anaikidwa palibe wa ife amene adzapondeko. Ndikulingalira kuti ndikabwera pa tchuthi mu Juni tikachiike kumanda, pambali pa atate, titaitana abale n'kupemphera. Koma mlongoyo anali wanu, mwamunayo analinso wanu, ndiye mwini mawu ndinu. Mukafuna kuti chikhalebe kutsindwi, chikhale. Mukafuna kuti musachionenso, Emelia achisunge kwake kufikira ndidzabwere.

Bernard asadandaule. Ndapeza chitsulo cha sipuling'i ya lole, cholimba kuposa chimenecho, ndipo a Wilson oyendetsa lole avomera kuchitula pa sitolo ya pa Sinda Lachisanu likudzali. Bernard akachitenge asanachedwe.

Ndikudziwa kuti tsopano muyamba kundidera nkhawa. Boyila yathu ndi yaing'ono, ndipo amaiyang'ana kawirikawiri. Komabe ndapempha kapitawo kuti malo akapezeka andibwezere ku matabwa, chifukwa kuyambira tsiku limene ndinamva nkhaniyi ndikaponda pamenepo ndimangoganiza za amalume. Mavuto ena ndi ang'onoang'ono. M'chipinda timagona anthu anayi, madzi pampopi ndi mzere, ndipo wina anandibera malaya oyera aja munandisokera, ndili nditayanika pachingwe. Ndiwo za kuno sizikoma. Ndimalakalaka nkhwani zotendera zanu, ndipo ndikaganiza kuti masuku a kuphiri apsa ine kulibe, chaka chachitatu tsopano, ndimadzifunsa kuti kodi ndinadzatani kuno. Anzanga amandiseka kuti ndidzazolowera n'kukhala mtchona ngati iwo. Ine ndimawauza kuti madzi saiwala khwawa.

Mundiperekere moni kwa azakhali, kwa alamu anga a Goodson, kwa Bernard ndi mkazi wake, ndi kwa adzukulu anu onse. Wina akamapita ku Mkaika akauze mkazi wanga Elina kuti kalata yake ikubwera payokha, ndipo akandigwirire dzanja mwana wanga Febby, amene ndikumva kuti akuyankhula koma sanaitanepo atate ake.

A Chrispin nawonso akupereka moni. Akuti nkhope yanu sanaionepo, koma amakudziwani bwino, chifukwa amalume sankatha sabata osakutchulani. Ankakonda kufotokoza kuti muli ana munawabereka kumsana kuwoloka nawo mtsinje wa Kapoche utadzaza, madzi akukufikani m'khosi, inu mukuwaimbira nyimbo kuti asalire. Amayi, zimenezi simunatiuzepo. Ngati nyimboyo mukuikumbukira, Emelia andilembere mawu ake.

Mulungu akusungeni kufikira tidzaonane maso ndi maso.

Ine mwana wanu wokusowani,
Aroni.