Tambala wa Wendell

Lachiwiri, 4 Malichi

Misoti iwiri yapuwala. Mwendo wina kutsogolo, wina kumbuyo. Kudya ikudya, kuima ayi. Panja matope okhaokha, chipale chofewa chikusungunuka. Nkhukuzi ndi mtundu wa malemu bambo. Ku Arkansas konse kuno palibenso wina ali nazo.

Loweruka, 8 Malichi

Umodzi wafa. Ndapita nawo kwa Dokotala Pruitt wa ziweto. Funso lake loyamba, ngati ndinalowetsa nkhuku yachilendo. Inde. Tambala amene mchimwene wanga Wendell anagula pamsika wa ziweto mu Novembala, ati mphatso. Ndinamuuza kuti tambalayo ayambe wakhala payekha. Iye kuseka, n'kumuponya m'khola ine ndili kuntchito.

Lachisanu, 14 Malichi

Ndi matenda a nkhuku otchedwa Marek. Pruitt wandionetsa chiwindi, zotupa zoyera mbuu. Akuti kachilomboka kamalowa mwa asilikali a m'thupi enieniwo, oyenera kukapha, n'kuwasandutsa zotupa. Amadzadza m'mitsempha, mwendo n'kufa. "Mayi, nkhuku yanu yaphedwa ndi alonda ake omwe."

Tambalayo anabayidwa katemera ali mwanapiye. Asilikali ake ali tcheru, iye sadwala, koma akumwaza kachilombo ndi fumbi la nthenga zake. Wonenepa, wonyezimira. Kulira m'mawa uliwonse pakati pa mitembo. Ndikumuda.

Lamulungu, 16 Malichi

Kutchalitchi, nthawi ya chakudya. Wendell pamaso pa anthu: "Iwe Loretta, ndi nkhuku chabe izi, ndikugulira zina." Zina! Pepani osatuluka m'kamwa. Keke yanga ndangoisiya patebulo n'kutuluka. Ndalirira m'galimoto, mkwiyo wokhawokha.

Lachinayi, 27 Malichi

Mathadzi atsala ochepa, akuikirabe. Pruitt waimba foni. Kachilombo sikalowa m'dzira. Mtundu utha kupulumuka, koma mazira akaswere kutali, kopanda fumbi la nkhuku. Anapiye abayidwe katemera tsiku lomwelo, akhale komweko mpaka asilikali awo atakhwima.

Ndaimbira anzanga onse. Aliyense ali ndi khola kuseri kwa nyumba. Wopanda nkhuku ndi mmodzi yekha, ali ndi galaja yoyera bwino m'tauni. Wendell.

Mazira ndawapukuta, makina ofungatira ali kale m'galimoto. Ndamuimbira, ndadula asanayankhe. Tsopano akuimba ndi iye, foni ikunjenjemera patebulo. Sindinamukhululukire. Akangoti nkhuku chabe, ndidula. Ndikuyankha.