Dzina la wondithandiza

Loweruka madzulo. Tsiku la lero landilemera.

Ndakwera sitima yapamadzi padoko la Toronto. Mwana wanga Chisomo anandikankha pa njinga ya olumala mpaka pachipata, n'kubwerera kunyumba ku Brampton.

Tisananyamuke anatiphunzitsa zochita pakagwa ngozi. Belu litalira, anthu anatsika masitepe awiriawiri. Ine anandiuza kuti ndidikire pakhonde. Kenako panabwera mayi wogwira ntchito m'sitimamo, pepala lili m'manja.

"Mayi, wodzakuthandizani pangozi ndani?"

Ndinatsala pang'ono kutchula bambo a Chisomo. Ulendowu anaukonza ndi iwowo asanamwalire.

"Palibe," ndinatero.

Mayiyo analemba dzina la iye mwini papepalapo, n'kugwada kundimanga jekete yoyandamitsa. Chichitikireni maliro, palibe anandivekapo chovala. Ndinamuthokoza katatu, mpaka iye anadabwa.