Mapepala a Inki Yobiriwira

Lolemba, 9 Juni

Masiku khumi ndi asanu ndi awiri chikuikireni m'manda. Lero ndabwerera ku laibulale. Anzanga akundigwira mosamala ngati dzira. Ndatha tsiku lonse ndikubwezera mabuku m'mashelefu. Ntchito yabwino, siifunsa mafunso.

Jekete lanu likadali kuseri kwa chitseko, matumba ali mbuu ndi choko. Achemwali akufuna kulichapa. Ndakana. Zaka makumi awiri ndakhala ndikukuitanani kuti a Choko chifukwa cha fumbi limeneli, ndiye lero lipite ndi madzi?

Lachiwiri, 10 Juni

Aimba foni a Pulofesa, wapampando wa komiti yokonzanso kaphunzitsidwe ka masamu. Apepesa kaye, mwaulemu ndithu. Kenako nkhani: komiti ikumana komaliza Lachisanu la sabata yamawa, ndipo mfundo yanu ikapanda kufika yolembedwa, aichotsa pa mndandanda. "Mayi, sitingavotere zimene zinatsala m'mutu mwa malemu."

Mfundoyo ndikuidziwa ngati nyimbo: kuyambira ku pulayimale mpaka ku yunivesite, mwana akalakwitsa asamafufute, ndipo mphunzitsi asamangothetha, azifunsa kuti, "Apa unaganiza chiyani?" Munkati labala ndi mbava, imaba umboni. Ine amene ndinathawa masamu ndili mtsikana ndinkangovomera ndi mutu, maso ali pa buku langa.

Lachinayi, 12 Juni

Ndatsegula katoni yanu. Chisokonezo chake! Masamba khumi ndi awiri olemba inu, kenako mulu wa mapepala a ana, mazana atatu kapena kuposa, okhwatchakhwatcha, inki yanu yobiriwira ili m'mphepete. Ntchito yanga ndi kusanja, ndiye ndasanja: zanu uku, zinyalala uko. Masamba anu ndataipa onse, oyera bwino, opanda banga. Atchena kuposa mmene munatchenera inu tsiku la ukwati wathu.

Pa tsamba lachisanu, pakona, munalemba kuti "gula mankhwala". Pamenepo ndaima nthawi yaitali.

Loweruka, 14 Juni

Achemwali asesa nyumba yonse, abwerera kwawo. M'nyumba muli zii.

Lolemba, 16 Juni

A Wamtali, mnzanu uja mumaphunzitsa naye, abwera ku laibulale kudzaona zimene ndataipa. Awerenga ali chiimire.

"Zili bwino, mlamu. Nanga mapepala a ana aja?"

Ndati, zinyalala zija?

Akoka mpando, akhala pansi pang'onopang'ono. "Mlamu, masamba awa ndi chivundikiro chabe. Chakudya chili m'mapepala aja." Akuti munawatolera zaka zisanu ndi chimodzi, kuonetsa kuti cholakwika chimene mwana anafufuta ali wamng'ono chimamutsatira mpaka ku yunivesite, popeza palibe anamufunsapo. "Popanda amenewo, a Dokotala a m'komiti aja, amene amati masamu ndi kukhoza kapena kulakwa basi, atimeza amoyo."

Ndaimbira achemwali. "Inu munati n'zinyalala. Ndinawapatsa mayi ogulitsa mtedza pa geti la sukulu kuti azikulungira."

Ndakufufutani, a Choko. Ine mkazi wanu.

Lachiwiri, 17 Juni

Pa nthawi yopuma ndapita pa geti. Mayiwo ali pa kampando, lichero pa miyendo, akupinda mapepala anu ngati tinyanga n'kuthiramo mtedza. Ana akugula, akudya, akutaya pansi. Ndaona inki yobiriwira m'ngalande.

Ndafotokoza movutikira. Agwira pakamwa. "Mayo ine! A aphunzitsi aja ankayenda akulankhula okha? Pepani, achemwali, pepani kwambiri. Ndiye kuti ana adya mtedza ndi masamu omwe."

Ndaseka. Koyamba chichokereni inu. Kenako misozi, pa geti pomwepo.

Akhuthula mtedza wonse wokulunga kale, tatambasula mapepala limodzi. Atsala makumi anayi ndi limodzi, ambiri ali ndi mawanga a mafuta ndi mchere. Nditatsanzika andiitananso, atulutsa lina m'thumba la epuloni. "Ili ndinasunga. Funso lake landisowetsa mtendere chiyambire Loweruka."

Lachitatu, 18 Juni

Ndawasita limodzilimodzi, nsalu pamwamba. Nyumba yonse ikununkhira mtedza.

Tsopano ndawawerenga, zimene ndikanachita poyamba. Lija la m'epuloni, mwana wina analemba 1/2 + 1/3 = 2/5. Inu simunathethe. Munalemba kuti: "Unali ndi theka, wawonjezerapo, koma tsopano uli ndi zochepera theka. Zina zapita kuti? Unaganiza chiyani?" Mwanayo anayankha m'munsi ndi pensulo: "Dzulo ndinamenya mpira kawiri, ndinagoletsa kamodzi. Lero katatu, kamodzi. Zonse ndi ziwiri pa zisanu. Ndalakwa pati?"

Ndapezanso la wophunzira wa chaka choyamba ku yunivesite. Cholakwika chomwecho, changovala zilembo m'malo mwa manambala.

Ndawerenga mabuku ambiri onena za imfa, ena kawirikawiri. Palibe linandiuza kuti munthu ukhoza kumva mawu a mwamuna wako bwino chonchi atapita, pamene ali moyo unkangovomera ndi mutu.

Lachinayi, 19 Juni

A Wamtali akuti akalankhule ndiwo. Ndati ayi, ku komitiko ndikalankhula ndekha, wotaya ndi ine.

Lachisanu, 20 Juni

Chipinda chachitali, tebulo lonyezimira, anthu khumi ndi anayi, aliyense ndi botolo la madzi. A Pulofesa andipatsa mphindi zisanu. Ndinavala jekete lanu, manja opinda kawiri.

Sindinawerenge zotaipa zija. Ndangoti mapepala analipo mazana atatu, ine ndinawayesa zinyalala chifukwa anali ndi zolakwika, atsala awa. Ndawagawa.

A Dokotala ndawazindikira msanga: imvi, magalasi pa nsonga ya mphuno. Lija la m'epuloni lagwera iwo, aligwira ndi zala ziwiri. "Mayi, ife tonse tikulira nanu. Koma komiti siingasinthe mayeso a dziko lonse chifukwa cha zokulungira mtedza. Ziwiri pa zisanu n'kulakwa, basi."

Ndati inde n'kulakwa, koma awerengeko za pensulo m'munsimo.

Awerenga. Akankha magalasi, awerenganso. A Pulofesa ayang'ana wotchi, ati nthawi yatha.

"Taimani kaye," atero a Dokotala. "Kamwana aka sikopusa ayi. Kakuphatikiza zigoli, ife tikufuna magawo a chinthu chimodzi. Ndiye munthu ungakauze bwanji?" Wina ayankha, wina atsutsa, a Wamtali alumphira pa bolodi. Mphindi zisanu zasanduka ola. Ine andiiwala, ndipo sindinadandaule.

Mfundo yonse sinadutse. Agwirizana zoiyesa kaye m'masukulu khumi ndi kalasi imodzi ya ku yunivesite. Mukanang'ung'udza, ndikudziwa.

Potuluka, a Dokotala andipempha kuti pepala lija apite nalo kunyumba. Akuti akufuna kumuyankha mwanayo, koma mawu sanawapezebe. Asisita m'matumba kufuna cholembera. Ndapisa dzanja m'jekete lanu, ndapeza chobiriwira chija, ndawapatsa. Zala zanga zatuluka zili mbuu.