Musatsate Foni, Chipata Chinasamuka

Kuchigwa cha Luangwa, Zambia
9 Disembala 2023

Okondedwa Amayi,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu kumeneko ku Namitete. Kodi bondo lija likukulolani kupita kumunda? Ife kuno tili bwino. Khanda likuyamwa osapumira, ndipo bambo ake, a Chakufwa, akungoyenda chifuwa patsogolo ngati anabereka ndi iwo.

Uthenga woti mubwera pa 20, mlongo wanga Eliya akuyendetsani pa Sienta yake, unandipeza. Ndinavina ndi mwana m'manja. Koma chichokereni Lachisanu la sabata yatha mtima wanga suli m'malo, n'chifukwa chake ndalemba kalata m'malo modikira netiweki, imene kuno timachita kuikwerera pachulu. Ndapatsira dalaivala wa lole yobweretsa katundu, aisiya pagolosale ya a Faness.

Kampu imene timagwirako ntchitoyi, kumene alendo amagona m'matenti n'kumaona nyama, ili ndi zipata ziwiri. Chakale chinatsekedwa zaka ziwiri zapitazo madzi atakokolola mlatho. Koma mapu a m'foni sanamve kuti tinasamuka. Ukalemba dzina la kampu, kamayi kolankhula m'foni kaja kamakuuza mwaulemu kuti ukhote kumanzere pamjigo. Kamsewu kameneko kamakathera m'dambo la matope akuda, momwe njovu zimadutsa popita kumtsinje.

Lachisanu masana banja lina la ku Chipata linatsata mawuwo, galimoto n'kutitimira. Bamboyo anachita zimene aliyense wa kwathu akanachita. Anatsika, n'kuuyamba wapansi kukafuna anthu okankha. Sanayende mtunda. M'tchire munali njovu ya mwana. A Chakufwa, amene anapita ndi thirakitala, akuti anamupeza akupuma koma osalankhula, mkazi ndi ana atadzitsekera m'galimoto, mawu atawathera ndi kukuwa. Anamutengera kuchipatala, ndipo mpaka lero sitinamve kuti zili bwanji. Galimotoyo inadutsa pakhomo panga akuikoka, nsapato imodzi ya bamboyo ataiika pamwamba. Kuyambira pamenepo ndikamva injini kumbali ya dambo, mkaka umakana kutuluka.

Ndikuopa chifukwa ndimakudziwani nonse awiri. Eliya amakhulupirira foni kuposa abusa. Mukukumbukira ukwati wa ku Kasiya, pamene anatifikitsa m'chigafa cha fodya cha eni ake, foni ikuumirira kuti tafika patchalitchi? Tsiku limenelo tinaseka mpaka misozi. Nanga inu Amayi, galimoto ikangotitimira mumakhala oyamba kutsika, kuvula nsapato, kusenza chikwama n'kutsogola, ati tikumana kutsogolo. Kudambo la kwathu zimenezo ndi nzeru, aliyense amatero. Kuno munthu satsika, ngakhale kuoneke bata bwanji, chifukwa njovu imaima phee kuseri kwa chitsamba osaiona.

Pempho langa ndi limodzi. Tembenuzani pepalali. Amanijala andilembera kuseriko manambala osonyeza pamapu pamene pali chipata chatsopano, mizere iwiri. Eliya alembe manambalawo m'foni, osati dzina la kampu, ndipo achite zimenezi mukadali ku Chipata, netiweki isanathe. Pansi pa manambalawo a Chakufwa ajambula mapu ndi bolopeni. Mjigo muupitirire, sukulu ya malata obiriwira muipitirirenso, kenako mukhote kumanja pachikwangwani chojambulidwa mvuu. Foni ndi pepala zikasemphana, mverani pepala. Mukakayika, imani pasukulupo mufunse, paja safunsa anadya phula. Zikavuta n'kutitimira, kwezani magalasi, khalani momwemo, muziimba nyimbo zanu chamumtima. A Chakufwa apempha kale kuti tsikulo aziyendera njira zonse ziwiri ndi thirakitala kuyambira m'mawa.

Iwe Eliya, ndikudziwa kuti ndiwe ukuwawerengera Amayi kalatayi, ndipo wafika pano ukuseka, uli Tisiyenji ndi mantha ake. Seka, koma usadumphe mzere ngakhale umodzi. Ukatha, uwapatse Amayi pepalali alisunge okha m'Baibulo, lisakathere m'thumba lako la thalauza.

Mundiperekere moni kwa amalume a Jailosi, azakhali a ku Mpingu, alamu anga a Veronica ndi ana, ndiponso amayi onse a Chigwirizano. Muwauze atikumbukire m'mapemphero, akumbukirenso banja la ku Chipata lija. A Chakufwa akupereka moni kwa apongozi awo, akuti nkhuku yanu aimanga kale mwendo.

Amayi, ndakusowani, ndipo ndikufunitsitsa mudzamunyamule mwanayu akadali wopepuka. Koma Eliya akakana kulemba manambalawo, musakwere, sindidzadandaula. Mdzukulu wanuyu ndi wamkazi, ndipo sitinamutche dzina, tikudikira inu. Angathe kudikira mpaka mvula itatha. Chimene sindingapirire n'kumutcha dzina lanu chifukwa choti mwini dzina watsala m'dambo.

Ndine mwana wanu,
Tisiyenji