Ufa Wachikasu M'zala Zanga

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga bondo la amayi lija lasiya kuwawa? Ine kuno ndiliko, koma mtima suli m'malo.

Paja mumandiseka kuti sukulu yonseyi ndinaphunzirira kusinja ufa. Simunama. Kulabotale kwathu timapanga ufa wachikasu, wa mankhwala otchedwa kadimiyamu ndi salufa. Ukauthira m'madzi n'kuuika padzuwa, madziwo amatulutsa timathovu ta hayidirojeni, mpweya woti tsiku lina anthu adzaphikire. Vuto lake, dzuwa lomwelo limaudya ufawo msanga. Wanga ine wayamba kupirira, mpaka abwana amaunyadira pamaso pa alendo.

Zonse zagona pa kasinjidwe. Ndimaupera m'kamtondo, ndiye pofuna kudziwa ngati wasalala, ndimavula gulovu n'kuutikita ndi zala, monga amayi ankachitira kukhitchini. Ndi gulovu sumva kanthu! Mnzanga wina anandichenjezapo kuti ufawu ndi poizoni, ukalowa m'thupi suchoka wamba. Ine ndi pakamwa pangapa ndinamuyankha kuti sopo alipo.

Achemwali, ndili ndi pakati. Ndazindikira mochedwa, miyezi yonseyi ndikupera ndithu.

Nditawauza abwana, anandigwira chanza mosangalala, kenako anandipempha kiyi wa chipinda choperera ufa, poti wapakati saloledwa m'chipindamo. Atafunsa ngati ufawo ndinaukhudzapo ndi manja, ndinanena zoona. Nthawi yomweyo ananditumiza kuchipatala.

Adokotala anditenga magazi. Akuti pakhungu umalowa pang'ono, choopsa ndi fumbi lomwe ndinkapuma ndi zotsalira m'zikhadabo pakudya. Za mwanayu akuti sangalonjeze kanthu zotsatira zisanatuluke.

Alamu anu za ufawu sindinawauze. Iwo angotanganidwa ndi kupenta kachipinda ka mwana, mluzu uli pakamwa. Ndikati ndiyambe, ndimangosintha nkhani. Ndikuopa, achemwali, ndikuopa zedi.

Chonde bwerani, mudzakhale pambali panga powauza ndiponso popita kuchipatala. Amayi auzeni za mdzukulu zokha, zinazi angadziimbe mlandu poti kutikita ufa ndi zala ndinaonera iwo.

Dzulo ndikuchapa, mwanayu anagunda koyamba. Ndinaseka ndekha, n'kutukula dzanja kuti ndigwire pamimba. Dzanjalo linaima m'malere, ndinachita kukasamba m'manja kaye.

Mundiperekere moni kwa alamu, ana ndi amalume. Mulungu akusungeni, ndipo pomupempha musaiwale tonse awirife.

Ndine mng'ono wanu,
Wamakani uja